Pikapu yakale ikayamba kudandaula: momwe mungadziwire chavuta injini isananoke

Mwezi wa Okutobala ukangofika, pagalaja pathu kuno ku Salima malo oimika galimoto amachepa. Zobwera pachingwe zimachuluka kuposa zobwera zokha, ndipo mawu a madalaivala amakhala amodzimodzi: "Amakaniko, inangozima yokha." Ukafunsitsa umapeza kuti galimotoyo inayamba kale kudandaula. Geji ya kutentha kwa injini inakwera sabata yatha, madzi ankathiridwa m'mawa uliwonse, getsi la oyilo linkaphethira akaima parodibuloko. Koma kumbuyo kunali chambo cha pa ayezi choti chifike ku Lilongwe kusanache, ndiye munthu anangoti "itifikitsa."

Ndatopa kubwereza nkhani yomweyi kwa aliyense payekha, n'chifukwa chake ndalemba. Ndikunena makamaka za mapikapu a dizilo amene atikalambira m'manja: Toyota Hilux ya injini ya 2L, 3L kapena 5L, Nissan Hardbody ya TD27, Isuzu KB, Mazda B2500 ndi Ford Ranger za injini ya WL, komanso Mitsubishi L200 ya 4D56. Za petulo monga Nissan 1400 ndi Hilux ya 4Y ndizitchula pomwe zasiyana. Pachizindikiro chilichonse ndayamba ndi chimene chimavuta kawirikawiri, chomwenso nthawi zambiri chimakhala chotchipa. Tsatirani ndondomekoyo. Ndaonapo injini itaphwasulidwa yonse pomwe vuto linali chotsekera cha redieta.

## Geji ikukwera, kapena galimoto ikuboila

Apa ndikhalitsapo, chifukwa injini zambiri zimene timatsegula zinayamba kufera pamadzi. Msewu wathu nawonso suthandiza. Nyanja ili pamtunda wosakwana mamita 500, Lilongwe ili cha pa 1,050, ndipo chikweza chonsecho pikapu imachikwera itasenza mpunga wa ku Lifuwu kapena matumba a usipa a ku Senga Bay, pazitunda za ku Mvera ndi Chezi. A ku Nkhotakota nawo ali ndi chawo pa M18 yopita ku Kasungu. Pansi pano galimoto yodwala imatha kuyenda miyezi osaonetsa kanthu. Pachitunda m'pamene imaulula.

Zoyenera kuona, injini itazizira:

1. Madzi achepa chifukwa akudontha penapake. Tsegulani redieta yeniyeniyo, musangoyang'ana kabotolo kapambali, chifukwa kamatha kukhala kodzaza redieta ili youma. Fufuzani madontho oyera kapena adzimbiri polumikizira mapaipi, m'mphepete mwa redieta, pansi pa pampu ya madzi, ndi pa timbale tozungulira ta m'mbali mwa buloko. Paipi yofewa ngati nthochi yakupsa, kapena yotupa pafupi ndi kilampu, isintheni lero.
2. Chotsekera cha redieta chatha. Ntchito yake n'kusunga mphamvu ya mpweya kuti madzi asawire pa madigiri 100. Pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1. Labala yake ikang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madzi amathawira m'kabotolo n'kutayikira panja. Gulani cha nambala yomweyo.
3. Redieta yatsekeka kunja. Matope, njere za udzu, zinyalala za nzimbe kwa amene mumayenda cha ku Dwangwa, ndiponso nkhungu zikatuluka panyanja. Walitsani tochi kumbuyo kwa redieta. Ngati kuwala sikukuonekera kutsogolo, mphepo nayo sikudutsa. Tsukani ndi madzi kuchokera kumbali ya injini kupita kunja, mosathamangitsa madziwo kwambiri kuti timapepala ta redieta tisapindike.
4. Fani sikukoka. Lamba wolefuka amalira mukaponda moto. Koma chimene ambiri sachidziwa ndi kilatchi ya fani. Injini itatentha, izimitseni, kenako zungulitsani fani ndi dzanja. Ikazungulira mopepuka kangapo yokha, mafuta a m'kati mwake atha. Galimoto yotere imayenda bwino pamsewu wosalala koma imatentha pachitunda ndi pamzere wa mafuta. Onaninso ngati chipulasitiki chozinga fani chilipo; ambiri anachitaya kale osadziwa kuti n'chimene chimakakamiza mphepo kudutsa mu redieta.
5. Redieta yatsekeka m'kati. Mijigo ina ya kunyanja kuno madzi ake ndi amchere. Yang'anani m'ketulo ya kunyumba kwanu, zoyera zomata pansizo n'zimenenso zili m'timapaipi ta redieta. Injini itatentha n'kuizimitsa, gwirani redieta malo osiyanasiyana. Pomwe pali pozizira ndi potsekeka. Imeneyi ndi ntchito ya anthu a maredieta, aitsegule aitokose. Pambuyo pake muzithira madzi a mvula oyera osakaniza ndi coolant, mankhwala othira mu redieta.
6. Thermostat, kachitseko kamene kamatsegulira madzi njira ya ku redieta injini ikatentha, yakanirira. Paipi ya pamwamba imakhala yofunda chabe pomwe geji ili m'mwamba. Ichotseni muiponye mumphika wa madzi otentha pamoto. Iyenera kutseguka madzi asanawire, pa nambala yolembedwa pa iyo, monga 82 kapena 88.
7. Pampu ya madzi yatha. Gwedezani fani, ikamagwedera, kapena pakabowo ka pansi pa pampu pakamatuluka madzi, yakwana.
8. Gasiketi ya hedi, chomatira cha pakati pa buloko ndi mutu wa injini, yapsa. Onani mutu wotsatira.

Pa thermostat ndili ndi mawu. Amakaniko anzanga ambiri amaichotsa n'kunena kuti kuno n'kotentha, n'zofunika ku Japan kokha. Ine ndimakana. Pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso njira yachidule imene madzi amazungulira osapita ku redieta. Mukaichotsa, njira yachiduleyo imakhala pululu, ndiye madzi ena otentha amabwerera mu injini osazizira. M'mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, injini imayenda yozizira tsiku lonse, imadya dizilo wambiri ndipo maringi amatha msanga.

Geji ikakwera muli panjira:

- Patukani. Ngati nthunzi sikutuluka ndipo madzi sakutayika, siyani injini izilira osaponda moto kwa mphindi zingapo, hita ya m'kati ili pamapeto. Mutuluka thukuta koma geji itsika.
- Ngati nthunzi ikutuluka kapena madzi akuchucha pansi, zimitsani pomwepo.
- Musatsegule redieta. Dikirani theka la ola kapena kuposa, mpaka paipi ya pamwamba ifewe ndipo mutha kuigwira. Madzi amenewo amasenda nkhope.
- Musathire madzi ozizira pa injini kapena mu redieta yotentha.

Chaka china anatikokera Hilux ya 3L kuchokera cha ku Mvera. Mnyamata wa galimotoyo, pofuna kuthandiza, anathamangira kumjigo, n'kubwera ndi ndowa ziwiri n'kukhuthulira pa hedi. Dalaivala anati anamva kaphokoso kakang'ono ngati kuthyoka kwa kamtengo kouma. Titachotsa hedi tinapeza ming'alu pakati pa mavavu m'masilinda atatu. Chomwe chinayambitsa zonsezo chinali kapaipi ka hita kotalika ngati chala.

Chenjezo lina: geji imene inali m'mwamba ikatsika yokha mwadzidzidzi, musakondwe. Kachipangizo koyeza kutentha kamawerenga madzi. Madzi akatheratu kamatsala pamphepo, geji n'kunama kuti zonse zili bwino pomwe mapisitoni akusungunuka.

## Madzi akutha koma sakudontha, kapena oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka

Madzi akapanda kutulukira kunja ndiye kuti akulowa m'kati. Zoyambitsa:

1. Gasiketi ya hedi yapsa, kawirikawiri pambuyo poboila.
2. Hedi yapindika kapena yang'aluka. Ma WL ndi ma 2L a turbo amadziwika ndi matenda amenewa.
3. Oil cooler, chipangizo choziziritsa oyilo, yabooka. Chizindikiro chake chimakhala oyilo wakuda woyandama mu redieta, injini ikulira bwinobwino.
4. Buloko kapena silivi yang'aluka. Sizichitikachitika.

Kuyeza kwake sikufuna chipangizo. M'mawa injini isanalire, dzazani redieta mpaka pakhosi, siyani osatseka, lizani. Tithovu tiwiri titatu poyamba si kanthu. Koma tithovu tikamatuluka mosalekeza ngati thobwa likuwira, kapena madzi akamathovokera kunja mukaponda moto, mpweya wa m'silinda ukulowa m'madzi. Njira ina: tsekani redieta, lizani mphindi imodzi, finyani paipi ya pamwamba. Ikalimba gwa injini isanatenthe n'komwe, nkhani ndi yomweyo.

Apa imani, itanani makaniko. Oyilo wosakanikirana ndi madzi sateteza mabering'i. Makilomita ochepa okha akhoza kukuwonongerani crank (chitsulo chimene mapisitoni amazungulitsa), ntchito ya gasiketi n'kusanduka ovaholo, yophwasula injini yonse. Dzira laliwisi ndi mankhwala a m'botolo otsekera kudontha sizichiza gasiketi, zimangotseka redieta.

Makaniko akachotsa hedi, musalole kuti angopala ndi sandipepala n'kuika gasiketi yatsopano. Hedi ipite ku engineering akaiyeze ngati ili yowongoka ndiponso akaipime ming'alu. Kusikima, ndiko kupala hedi pamakina kuti iwongoke, kuli ndi malire. Hedi yosikimidwa kangapo imayandikitsa mavavu ku mapisitoni. Pa injini za Toyota L (2L, 3L ndi 5L) magasiketi amasiyana kuchindikala, ndipo amasankhidwa poyeza mmene pisitoni yatulukira pamwamba pa buloko. Mabawuti amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, motsatira buku, kuyambira pakati kupita kunja. Mukaona makaniko akuwonjezera chipaipi pa sipanala n'kumakoka ndi mphamvu zake zonse, dziwani kuti mudzabweranso. Ndipo chimene chinaboilitsa galimotoyo chipezeke, apo ayi gasiketi yatsopano idzapsa pachitunda chomwecho.

## Getsi la oyilo layaka, kapena mukumva kugogoda

Getsi lofiira la oyilo likayaka mukuyenda, zimitsani injini nthawi yomweyo, ngakhale mutatsala pang'ono kufika pa Kamuzu Road. Kenako:

1. Oyilo wachepa. Imikani pamalo osalala, dikirani mphindi zisanu, yezani. Suzumirani pansi: bawuti ya sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini), fyuluta yomasuka, sampu yobooka ndi mwala.
2. Oyilo wasungunuka. Nunkhizani oyilo wa pa dipstick, kachitsulo koyezera oyilo. Akamanunkha dizilo, kapena akamakwera yekha kuposa pomwe munathira, dizilo akulowa mu sampu kudzera pa nozo (chopopera dizilo mu injini) yodontha kapena pa silo ya pampu. Oyilo wa m'mabotolo osadziwika wogulitsidwa pamsika alinso m'gulu lomweli. Injini za dizilozi zimafuna 15W-40 weniweni, wosinthidwa pa makilomita 5,000 alionse chifukwa cha fumbi lathu.
3. Kaswitchi ka getsilo kafa. N'kotchipa, koma musangoganiza kuti ndi iko. Makaniko amange geji yake pamalopo ayeze mphamvu ya oyilo injini itatentha.
4. Sefa ya mu sampu yatsekeka. Utope wa oyilo wokhalitsa, ndi zidutswa za silikoni. Amakaniko ena amapaka silikoni ngati akupaka majarini pabuledi, yotsalayo imagwera m'kati n'kukatseka sefa.
5. Mabering'i atha. Getsi limaphethira injini ikatentha ndipo ikulira yokha osaponda moto, n'kuzima mukaponda.
6. Pampu ya oyilo yatha. Anthu amathamangira kuinena, koma siifa kawirikawiri.

Injini ya dizilo ndi yaphokoso mwachibadwa, ndiye pamafunika khutu. Tengani sikuludalaiva yaitali, nsonga ikhudze injini, chogwirira chikhale kukhutu, ndipo malaya akhale kutali ndi fani.

- Kuti tiki-tiki pamwamba, kofulumira ndi kopepuka: mavavu akufuna kuchunidwa. Si zadzidzidzi, koma musazengereze.
- Kuti kha-kha kwakuthwa, limodzi ndi utsi: nthawi zambiri ndi nozo yoipa, kapena timing ya pampu yathamanga.
- Kuti gu-gu-gu kuchokera pansi, kolemera, kokula mukaponda moto ndi mukangochotsa phazi: big end, bering'i ya pa crank. Zimitsani, funani chingwe.

Musanavomere kuti injini yanoka, onani ngati pule ya kutsogolo kwa crank kapena mabawuti a flywheel sanamasuke, chifukwa zimagogoda mofanana. Umboni weniweni uli mu oyilo. Mukhuthulireni m'beseni loyera, mupite nalo padzuwa n'kulipendeketsa. Mukaona tinthu tonyezimira ngati mkuwa, amenewo ndi mabering'i anu.

Makaniko amadziwa silinda yogogoda pomasula mapaipi a manozo imodziimodzi injini ikulira. Inu musayese. Dizilo wa pamenepo amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu, ndipo bala lake ndi la kuchipatala. Injini yogogoda mukaiumiriza, con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crank, imathyoka n'kuboola buloko, ndipo pamenepo palibenso chokonza.

## Utsi

Wakuda, galimoto ilibe mphamvu. Dizilo wachuluka kuposa mpweya.

1. Fyuluta ya mpweya yatsekeka. Ichotseni muione padzuwa.
2. Katundu wachuluka ndipo mukukwera chitunda ndi giya yaikulu. Tsikani giya. Pikapu ya tani imodzi yosenza matani awiri a chinangwa, anthu atakhala pamwamba, idzafuka ngakhale injini ikhale yatsopano.
3. Manozo atha, akudontha mmalo mopopera. Apite kwa anthu a mapampu akawayeze.
4. Wina anagwira kabawuti ka pampu kuti "ikhale ndi mphamvu." Mphamvu imabweradi pang'ono, kutentha n'kubwera kwambiri.
5. Timing yasokonekera, mavavu athina, kapena paipi ya turbo yang'ambika.

Pa fyuluta ya mpweya ndiwonjezere. Kuimenyetsa pa tayala kumaing'amba timabowo tosaoneka. Masulani paipi yochoka ku fyuluta kupita ku injini, pisani chala m'kati. Chikatuluka ndi fumbi, injini yanu ikudya mchenga, ndipo mchenga wa kunyanja umapala masilinda m'chilimwe chimodzi. Funani pomwe ukulowera: fyuluta yabodza yosakhala bwino, chivundikiro chosatseka, kapena paipi yong'ambika m'makwinya.

Wabuluu, wonunkha oyilo wopserera. Yambani ndi dipstick, mwina mwangothira wambiri. Ukamatuluka poliza m'mawa, kapena mukaponda moto mutatsetsereka mtunda wautali, ndi masilo a mavavu, ntchito yaing'ono. Ukamatuluka nthawi zonse, tsegulani chotsekera cha oyilo injini ikulira n'kungochisanjika pabowo. Chikamavina n'kugwa, utsi ukutuluka mopuma ngati sitima, maringi ndi masilinda zatha. Pa za turbo, onaninso ngati mupaipi mwadzaza oyilo.

Injini ya dizilo yotha kwambiri imatha kuyamba kudya oyilo wake womwe, n'kuthamanga yokha mokuwa ngakhale mutachotsa kiyi. Zikatero pondani buleki mwamphamvu, lowetsani giya yaikulu, siyani kilatchi kuti izime. Kapena tsekani polowera mpweya ndi thabwa. Osati ndi dzanja.

Woyera. Ununkhizeni. Wolasa m'maso, wonunkha dizilo waiwisi, wotha injini ikatentha: maheater plug (otenthetsa injini poliza), mpweya m'mapaipi a dizilo, timing yochedwa, kapena kompuresheni yochepa. Wopanda fungo la dizilo, wozimirira msanga ngati nthunzi ya mphika, wosatha ngakhale mutayenda: amenewo ndi madzi, bwererani pamutu wa gasiketi.

## Ikukana kulira, kapena ikuzima panjira

Sitata ikangoti kha kapena ikamazungulira mwaulesi, yambani ndi mitu ya batire ndi waya wa ethe wopita ku injini. Tsukani, mangani. Batire lodzaza limaonetsa mavoti 12.6, ndipo injini ikulira liyenera kufika cha pa 14. Kutentha kwa kuno kumaumitsa madzi a batire msanga.

Sitata ikamazungulira bwino koma injini osagwira:

1. Mpweya walowa m'dizilo. Pondani kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka kalimbe. Galimoto ikalira pambuyo pake, ndiye kuti usiku dizilo akubwerera kuthanki. Funani paipi yong'aluka, kapena kapampuko katha. Ikani kapaipi koonekera m'kati pakati pa fyuluta ndi pampu, muone ngati tithovu tikudutsa.
2. Fyuluta ya dizilo yatsekeka kapena yadzaza madzi. Masulani kabawuti ka pansi pake, kungirani m'botolo loyera. Madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba.
3. Solenoid ya pampu, kaswitchi kamagetsi kotsegulira dizilo, sikutsegula. Wina atembenuze kiyi, inu mumvetsere kuti tiki pa pampu. Pakapanda, onani waya wake ndi fyuzi.
4. Maheater plug afa. Kuno timawanyoza, koma injini za L, TD27, WL ndi 4D56 zimawafuna ndithu, makamaka mu Juni ndi Julayi.
5. Kompuresheni yatha, ngati galimoto imalira pokhapokha mutaikankha.
6. Pampu ya dizilo yatha. Chizindikiro chimodzi: imalira bwino m'mawa, koma ikatentha mukaizimitsa imakana mpaka izizire.

Za dizilo wa m'zigubu sindikudzudzulani, ndinagulapo nanenso mafuta atasowa. Koma dziwani kuti pampu zozungulira za pa mapikapu amenewa zilibe oyilo, zimatetezedwa ndi dizilo yemweyo. Wosakaniza ndi parafini ndi wouma, wa madzi amachititsa dzimbiri. Mukakakamizika kugula, thirani pang'ono m'botolo, musiye akhazikike, mununkhize, ndipo posefa gwiritsani nsalu yoyera. Pampu ndi manozo si zotsegulira pansi pa mtengo wa mango. Kamchenga kamodzi kamakwana kuwononga zonse.

Musapopere petulo kapena mankhwala a udzudzu polowera mpweya kuti ilire. Imaliradi, ndi chiphokoso, koma maringi amathyoka.

Kwa a Nissan 1400 ndi 4Y: onani kaye moto wa kumapulagi, ndiye mapulagiwo, mapointi ndi kondensa ngati ilipo, kenako zinyalala mu kabureta. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, wina wopangidwa konkuno ku Dwangwa. Galimoto ikakhalitsa osayenda, ethanol amakoka chinyezi, ndipo mapaipi a labala akalekale amayamba kunyenyeka m'kati. Asintheni, si okwera mtengo.

## Yazima mwadzidzidzi mukuthamanga

Ngati geji ndi oyilo zinali bwino, yesani sitata kamodzi kokha, mwachidule. Ikazungulira mopepuka ndi mofulumira kuposa masiku onse, kapena ikakakamira, lekani: timing belt, lamba woyendetsa mavavu, yaduka. Pa injini za L, WL ndi 4D56, lamba akaduka mapisitoni amagunda mavavu, ndipo kuyesayesa kumangowonjezera zopindika. Pa Hilux lamba amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo getsi lolembedwa T-BELT limakumbutsa. Vuto n'lakuti pa magalimoto athu ambiri mita inasiya kale kuwerenga, ndipo getsilo munthu akhoza kulizimitsa osasintha lamba. Mukagula pikapu kwa wina, sinthani lamba ndi tensioner yake osafunsa. 4D56 ili ndi malamba awiri. Wamng'onoyo akaduka amalowerera wamkulu. TD27 imayendera magiya, 1400 ndi 4Y zimayendera tcheni, ndiye eni ake agone tulo pa nkhani imeneyi.

Ikazima muli m'madzi, monga pamadaiveshoni a M5 m'dzinja, musakhudze kiyi ndipo musaikankhe pa giya. Madzi safinyika, akalowa m'silinda, con rod ndi imene imapindika. Ikokereni kumtunda, tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. Mukapeza monyowa, makaniko achotse maheater plug kapena manozo, azungulitse injini ndi sipanala kuti madzi atuluke, asinthe oyilo ndi fyuluta. Ikalira n'kumanjenjemera ndi utsi woyera wosatha, con rod imodzi yapindika kale.

## Makaniko akati "ikufunika ovaholo"

Mwina akunena zoona. Koma mufunseni kuti, "Amakaniko, mwayeza chiyani?" Wodziwa ntchito sakhumudwa ndi funso limeneli.

- Kompuresheni iyezedwe ndi geji ya dizilo, silinda iliyonse, manambala alembedwe papepala. Pa 3L, buku limati injini yabwino imafika cha pa 32 kg/cm², yotsikitsitsa yololedwa ndi 20, ndipo masilinda asasiyane kuposa 5. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, ganizirani gasiketi musanaganizire maringi.
- Zipangizo musagule injini isanatsegulidwe ndi kuyezedwa. Crank ikadulidwa 0.25 kapena 0.50, mabering'i ayenera kukhala a saizi yomweyo. Ambiri amabwera kuchokera ku Malangalanga ku Lilongwe atanyamula za standard, n'kuyendanso ulendo wachiwiri.
- Kuika maringi atsopano m'masilinda otha n'kutaya ndalama. Utsi umasiya miyezi yochepa n'kubwerera.
- Buloko itsukidwe tinjira tonse ta oyilo, ndipo ngati mabering'i anadyeka, oil cooler itsukidwe kapena isinthidwe, poti zitsulo zimabisala mmenemo.
- Zochotsedwa zonse akupatseni m'katoni.

Buloko ikabooka, kapena hedi, crank ndi masilinda zikafa zonse pamodzi, werengerani bwino. Nthawi zina injini yakale yochokera kunja imatchipa kuposa kukonza. Pokagula pitani ndi makaniko wanu, muimve ikulira, mutsegule chivundikiro cha mavavu muone ngati muli utope, ndipo mugwirizane polemba masiku oti mutha kuibweza. Tengani lisiti yolembedwa nambala ya injiniyo, chifukwa mudzafunika kukasinthitsa nambala ya pa blue book ku Road Traffic.

Injini yongochoka pa ovaholo musaiyese ndi matumba 30 a mpunga pa Chezi tsiku lomwelo, ngakhale ngongole ya zipangizo ikukuthamangitsani. Makilomita 1,000 oyamba iziyenda yopepuka, pakati pa Salima ndi Chipoka kapena Khombedza, osaithamangitsa komanso osaisiya ikulira poima nthawi yaitali. M'mawa uliwonse yezani madzi ndi oyilo. Ikakwanitsa 1,000, bwerani nayo tisinthe oyilo ndi fyuluta, tichune mavavu, ndipo beseni loyera lija tipitenso nalo padzuwa.